Kodi Mumadziwa? Mbiri ya Mvula Yathu Ili M'matope a Pansi pa Nyanja

Kodi mumadziwa kuti chiperoni chimene chimanyowetsa minda ya tiyi kuno kwa Chimaliro mu June ndi July si madzi a kuno? Ndi nthunzi ya ku nyanja yamchere ya Indian Ocean, imene mphepo imanyamula kudutsa nayo Mozambique n'kudzaigunditsa kumapiri a Mulanje ndi Thyolo. Kamvula kowazawaza kameneka ndi kamene kamathandiza tiyi kupirira mpaka dzinja. Choncho mayi wotchola tiyi, amene chibadwire sanaionepo nyanja yamchere, kulemera kwa dengu lake pasikelo kumadalira zochitika kunyanjako.

Kodi mumadziwa kuti m'kapu imodzi ya madzi muli madzi opepuka ndi olemera? Okosijeni amene ali m'madzi sali wofanana yense. Wambiri ndi wa nambala 16, koma pa maatomu 1,000 alionse, awiri amakhala a nambala 18, olemererapo pang'ono. Maatomu otere, amtundu umodzi koma osiyana kulemera, ndiwo ma isotope. Dzuwa likawomba panyanja limachita zimene amachita mayi popeta ndi lichero: zopepuka zimayamba kuuluka, zolemera zimatsalira. Dziko likazizira kwambiri, madzi opepuka aja amakagwa kumpoto n'kuundana pamtunda osabwereranso, ndipo nyanja imatsala ndi okosijeni wolemera wochuluka.

Nanga ndani ankasunga umboni wake, popeza kunalibe munthu wolemba? Ndi tizilombo ta m'nyanja totchedwa foraminifera, tosaposa kanjere ka mchenga. Timapanga tizigoba tathu ndi zimene tapeza m'madzi a nthawi yathuyo, tikafa n'kumira pansi, tina pamwamba pa tinzake, kwa zaka mamiliyoni. Harold Urey ananena mu 1947 kuti okosijeni wa m'zigoba angaulule mmene madzi ankatenthera. Cesare Emiliani anayesadi mu 1955 ku Chicago, ndipo mu 1967 Nicholas Shackleton wa ku Cambridge anaonetsa kuti zigobazo zimaulula kwambiri kuchuluka kwa madzi amene anali ataundana pamtunda.

Kodi mumadziwa kuti zaka 21,000 zapitazo nyanja yamchere inali yotsika ndi mamita pafupifupi 120? Pamene pali doko la Beira lero panali pamtunda, kutali ndi mafunde, ndipo Zambezi ankayenda ulendo wotalikirapo asanafike kunyanja.

Kodi mumadziwa kuti nyengo zozizira zoterezi zimabwera mwa kalendala yake? Dziko limapendekeka komanso kusintha njira yake pozungulira dzuwa pa zaka pafupifupi 23,000, 41,000 ndi 100,000. Anawerengetsera zimenezi ndi Milutin Milankovitch wa ku Serbia, pamanja, kulibe kompyuta. Ambiri sanamukhulupirire mpaka mu 1976, pamene James Hays, John Imbrie ndi Shackleton yemwe uja anapeza kalendala yomweyo m'matope otengedwa kum'mwera kwa Indian Ocean.

Tsono tibwere kwathu, chifukwa nkhani yaikulu ili pano.

Kodi mumadziwa kuti mu 2005 pansi pa Nyanja ya Malawi panabowoledwa? Akatswiri motsogozedwa ndi Christopher Scholz wa ku Syracuse University, pamodzi ndi Thomas Johnson, Andrew Cohen ndi anzawo, anatenga chombo chonyamula mafuta chotchedwa Viphya n'kuikapo makina obowolera. Pamalo amene anasankha pakati pa nyanja, madzi ndi akuya mamita 592. Nangula sangagwire ntchito pamenepo, ndiye anachimangirira mainjini oti azichikankhira uku ndi uku usana ndi usiku kuti chisasunthe pamwamba pa dzenje, kaya mafunde avute bwanji. Chitsulo chinatsika m'madzi onsewo, n'kulowanso m'matope mamita pafupifupi 380. Matope amene anatuluka m'mapaipi ndi a zaka 1.3 miliyoni.

Nyanja yathu imasunga bwino matope chifukwa cha chinthu chimene asodzi amachidziwa kale: pansi penipeni palibe nsomba. Kupitirira mamita 200 kapena 250 madzi alibe okosijeni wopuma, choncho kulibe nyongolotsi kapena nkhono zovundula matope. Kumpoto kwa nyanja matope amagona m'mizere yopyapyala iwiriiwiri. Mzere woyererapo ndi wa ndere zimene zimaswana mwera ukamawomba, woderapo ndi wa dothi lobwera ndi mitsinje m'dzinja. Mizere iwiri, chaka chimodzi. Munthu atha kukhala pansi ndi galasi n'kumawerenga zaka ndi maso.

Kodi mumadziwa kuti nyanja imeneyi inatsala pang'ono kuuma? Zotsatira zimene zinatuluka mu 2007 zinadzidzimutsa ngakhale eni kafukufukuyo. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa ng'amba zoopsa motsatizana, moti madzi a m'nyanja anachepa ndi magawo 95 pa 100 alionse. Nyanja imene lero ndi yakuya mamita 700 inasanduka thamanda la madzi amchere ndi avumbwevumbwe, m'mbali mwake muli dziko louma la tchire lapatalipatali. Wochokera ku Nkhotakota akadatha kuwoloka wapansi kupita tsidya la Mozambique. Ndipo sikanali kamodzi: mu 2015 akatswiri anawerenga maulendo 24 amene madzi anatsika kupitirira mamita 200. Makolo a chambo, utaka ndi mbuna zathu anapulumuka zonsezo. Tikamati agogo anaona ng'amba yaikulu mu 1949 sitinama, njala imene ija inapha anthu ambiri kuno kum'mwera. Koma dziko lino linaonapo zoposa pamenepo kutalitali.

Kodi mumadziwa kuti tsamba la tiyi ndi tsamba la chimanga sadya mpweya mofanana? Tengani tsamba la tiyi lokhwima m'mawa muone mmene likunyezimira, ndi mmene dontho la mame likugubudukira osalinyowetsa. Limenelo ndi phula la tsamba, ndipo siliola msanga. Tiyi ndi mitengo zimasala kwambiri kaboni wolemera, wa nambala 13, pamene chimanga, nzimbe za ku Nchalo ndi udzu wa m'madambo zimamulandira mochulukirapo. Phula likakokoloka n'kukagona pansi pa nyanja limakhala ndi chizindikiro chimenechi mpaka kalekale. Wopima akapeza kaboni 13 wambiri amadziwa kuti kunali udzu ndi ng'amba, akapeza wochepa amadziwa kuti kunali nkhalango ndi mvula. Mwa njira imeneyi Thomas Johnson ndi anzake analengeza mu 2016 kuti m'zaka 1.3 miliyoni zimenezi dera la nyanja yathu lakhala likunka linyowerako, ngakhale mogwa ndi kudzuka.

Kodi mumadziwa kuti m'matope omwewo muli phulusa la ku Indonesia? Phiri la Toba pachilumba cha Sumatra linaphulika zaka pafupifupi 75,000 zapitazo, ndipo tizidutswa ta phulusa lake, tosaoneka ndi maso, tinauluka makilomita oposa 7,000 n'kudzagwera m'nyanja yathu. Kwa zaka zambiri ena ankaphunzitsa kuti kuphulikako kunaziziritsa dziko mpaka mtundu wa anthu kutsala pang'ono kutha. Christine Lane ndi anzake atapeza phulusalo mu 2013 anapima matope a pansi ndi a pamwamba pake, osapeza kuzizira koopsa kulikonse. Matope a ku Malawi anagwedeza chiphunzitso cha m'mabuku a kunja.

Ndipo zotentha tchirezi sizinayambe dzulo. Jessica Thompson wa ku Yale ndi anzake anafananitsa zida zamiyala zofukulidwa ku Karonga ndi makala komanso mungu wa m'matope a m'nyanja. Mu 2021 ananena kuti kuyambira zaka pafupifupi 85,000 zapitazo mvula inabwerera koma nkhalango sinabwerere monga kale, makala n'kuchuluka. Iwo akuti ndi moto wa anthu. Asakondwe nazo osaka mbewa, nthawi imeneyo anthu anali owerengeka.

Kodi mumadziwa kuti dothi lokokoloka m'minda ya kuno limakafika kunyanja yamchere? Madzi a kum'mawa kwa Thyolo amathira mu Ruo, Ruo amakumana ndi Shire pa Chiromo, Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakatula katundu wake kunyanja chakufupi ndi Chinde. Enno Schefuß wa ku Bremen ndi anzake anapima phula la masamba m'matope a pamathiriro amenewa, a zaka 17,000. Zimene anapeza mu 2011 n'zodabwitsa: nthawi zimene kumpoto kwa Atlantic kunazizira mwadzidzidzi, monga zaka 12,000 zapitazo, chigwa cha Zambezi chinkalandira mvula yambiri, chifukwa lamba wa mitambo ya mvula ankakankhidwira kum'mwera kuno. Mu 2016 sitima ya kafukufuku ya JOIDES Resolution inadzabowolanso kufupi ndi mathiriro a Zambezi ndi a Limpopo.

Kodi mumadziwa kuti mlambe nawo umasunga mbiri ya mvula? Stephan Woodborne ndi anzake anapima kaboni m'matupi a milambe ya ku Pafuri, kumpoto kwa South Africa, n'kutulutsa mu 2015 mbiri ya mvula ya zaka 1,000. Milambe ya ku Chikwawa ndi ku Mangochi ikungodikira woifunsa.

Koma tichenjezane. Matope a m'Nyanja ya Malawi sanena za Thyolo ndendende. Madzi ambiri a m'nyanjayi amachokera kumpoto, m'mitsinje ngati Ruhuhu wa ku Tanzania, Songwe ndi South Rukuru, ndipo kumpoto ndi kum'mwera sikuyendera limodzi nthawi zonse. Tinaziona mu 2024. El Niño anawotcha chimanga kuno mpaka boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, koma chaka chomwecho nyanja inasefukira n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Wina akulira ng'amba, wina akulira madzi, dziko limodzi.

Kodi mumadziwa kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja sinkathira madzi mu Shire? Inatsika mpaka mchenga ndi zomera kutseka potulukira. Nthawiyo kunalibe Nkula, amene anayamba kupanga magetsi mu 1966. Zitachitikanso lero, mafakitale a tiyi angaumitse masamba ndi chiyani, poti makina ofotetsa ndi opera tiyi amayendera magetsi a mu Shire?

Kodi mumadziwa kuti makompyuta olosera nyengo amalembetsedwa mayeso a mbiri yakale? Model ya nyengo ndi masamu a mphepo, nthunzi, kutentha ndi mafunde, amene kompyuta imawerengetsa itagawa dziko lonse m'mabokosi. Syukuro Manabe ndi Klaus Hasselmann analandira mphoto ya Nobel mu 2021 chifukwa cha ntchito imeneyi. Musanaikhulupirire model pa za mawa, mumaiuza mmene dzuwa, madzi oundana ndi mpweya zinalili zaka 21,000 kapena 6,000 zapitazo, n'kuona ngati yankho lake likugwirizana ndi zigoba ndi phula zija. Pa kutentha ma model amakhoza bwino ndithu. Pa mvula ya mu Africa amapunthwa. Zaka 6,000 zapitazo chipululu cha Sahara chinali ndi udzu, nyanja ndi mvuu, koma ma model ambiri amalephera kugwetsako mvula yokwanira. Vuto lina ndi kukula kwa mabokosi: limodzi litha kukhala makilomita 100 mbali iliyonse, n'kumeza chisanu cha ku Thyolo, phiri la Mulanje ndi ng'anjo ya ku Nchalo pamodzi. Ndiye munthu akakuuzani motsimikiza mvula imene idzagwe kwa Chimaliro mu 2050, mufunseni wayesa ndi chiyani.

Chimene sichikukayikitsa ndi mpweya wa kaboni. Timpweya totsekeredwa m'madzi oundana a ku Antarctica tikuonetsa kuti m'zaka 800,000 mpweyawu unkasewera pakati pa magawo 180 ndi 300 pa miliyoni. Lero wapitirira 420. Ndipo ma isotope amaloza mwini mlandu: malasha ndi mafuta alibe kaboni 14, chifukwa iyeyu amatha ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse, ndipo Hans Suess anaona kale mu 1955 kuti utsi wa zimenezi ukusungunula kaboni 14 wa mumlengalenga. Amene amati nyengo imasintha yokha kuyambira kale akunena zoona, koma kusintha kwa lero kuli ndi zidindo za zala zathu.

Kodi mumadziwa kuti chimene akatswiri akusowa kwambiri chikhoza kukhala m'kabati ya ofesi ya esiteti? Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, gulu la World Weather Attribution linapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula ya namondweyo, koma linalephera kunena kuti ndi mochuluka bwanji, chifukwa chosowa zolemba za mvula zodalirika za zaka zambiri m'dera lino. Chaka chotsatira, mu March 2023, kunabwera Freddy, amene anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wodziwika. Pamene zili choncho, tiyi wakhala akulimidwa ku Mulanje kuyambira 1891 ndi ku Thyolo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo esiteti ya tiyi siyenda popanda kalaliki woyeza mvula m'mawa uliwonse n'kulemba m'buku. Matope a m'nyanja yathu anapita kukasungidwa ku Minnesota. Mabuku a mvula ali konkuno, ndipo pa Ndata pomwepa yunivesite ya MUST ili ndi sukulu ya za nyengo ndi nthaka, yodzaza ndi achinyamata ofuna zofufuza.

A mamanijala a m'maesiteti, mabuku amenewo musawasiyire chiswe. Atulutseni, aitaneni ana a pa Ndata adzawalowetse m'kompyuta, ndipo a Nthambi Yoona za Nyengo ku Blantyre apatsidweko kope lawo.