Intaneti ya pa nthambo ya lamya: funsani za mtunda musanalipire

Mabanja awiri a m'tauni imodzi angathe kulipira ndalama zofanana kukampani imodzi ndi kugula modemu zofanana, koma banja lina n'kumaonera mpira bwinobwino pamene linzake likungoyang'ana kachizindikiro kozungulirazungulira pakompyuta. Pa intaneti ya DSL, ija imalowa m'nyumba kudzera pa nthambo ya lamya yapansi, zoterezi si ufiti. Nkhani yagona pa kutalika kwa nthamboyo komanso ngati ikadali yabwino.

Nthambo ya lamya ndi timawaya tiwiri ta mkuwa tochokera kunyumba ya makina a lamya, imene amisiri amati ekisichenji, kudzafika pakhoma panu. Mawu a munthu amangotenga kagawo kochepa ka mphamvu ya timawayato. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku America, mmodzi mwa iwo Joseph Lechleider wa ku Bellcore, adafufuza njira yoti malo otsalawo anyamule uthenga wa makompyuta. Zili ngati msewu: apanjinga m'mbali, galimoto pakati. N'chifukwa chake munthu amatha kuimba lamya uku mwana ali pa intaneti, zimene sizinkatheka pa njira yakale yochita kuimba nambala, yomwe liwiro lake silinkapitirira 56 kbps.

Mtundu wa DSL umene udafala m'makomo ndi ADSL, ndipo khalidwe lake ndi loti kulandira kumathamanga kuposa kutumiza. Muyeso umene udavomerezedwa mu 1999 umalola kulandira mpaka 8 Mbps, koma kutumiza n'kosapitirira 1 Mbps. Kanema wa chinkhoswe wa 100 MB mungamulandire pasanathe mphindi ziwiri, koma kuti mumutumize kwa achibale ku Joni mudikira mphindi zoposa 13. Mu 2003 kudabwera ADSL2+ imene imafika 24 Mbps.

Koma taonetsetsani liwu loti "mpaka" pa zikwangwani za malonda. Mphamvu ya DSL imachepa ikamayenda m'nthambo, monga momwe madzi a m'mipope amafikira mofooka kunyumba za kumtunda. Liwiro la 24 Mbps amaliyandikira ndi okhawo amene ali pafupi kwambiri ndi ekisichenji. Amene ali pa makilomita 4 akapeza 3 kapena 4 Mbps athokoze, ndipo kupitirira makilomita 5 nthawi zambiri intanetiyo siigwira n'komwe. Mtundawu sauyeza ndi maso: nthambo imatsata mapolo ndi ngalande, imakhotakhota, kotero nyumba imene ikuoneka pafupi ingathe kukhala kumapeto kwa waya wautali.

Choncho funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale la mtengo. Mufunseni kuti: "Kodi nthambo yanga mwaiyeza, ndipo ikupereka liwiro lanji?" Kampani imene ili ndi makina ake ku ekisichenji imatha kuyeza. Akangoyankha kuti "zimathamanga kwambiri, bwana," ndalama zanu zikhale kaye m'thumba.

Kulumikiza kokha si ntchito yovuta. Modemu ikhale pa soketi yoyamba pamene nthambo yalowera m'nyumba, ndipo waya wake akhale wamfupi. Lamya iliyonse ya pa nthamboyo ikhale ndi kabokosi kotchedwa filter, kamene kamasefa mawu kuti asasakanikirane ndi intaneti. Kabokosika n'kotchipa, koma kakasowa intaneti imaduka nthawi iliyonse lamya ikalira, ndipo m'lamyamo mumamveka kaphokoso kosalekeza. Mukatero lowetsani dzina ndi nambala yachinsinsi zimene kampani yakupatsani. Nambala yachinsinsi ya Wi-Fi yobwera ndi modemu muisinthe tsiku lomwelo, apo ayi mudzakhala mukulipirira mzere wonse wa nyumba za lendi.

Nanga zikavuta? Musathamangire kutukwana kampani. Yambani mwawerenga timagetsi ta pamodemu. Ka DSL kakamaphethira osakhazikika, ndiye kuti modemu ikulephera kumvana ndi ekisichenji, ndipo vuto lili pa nthambo. Kakayaka bwino koma ka intaneti n'kukhala kozima kapena kofiira, nthambo ili bwino: mwina nambala yachinsinsi yalakwika, mwina simudalipire, mwinanso vuto lili kukampani. Tonse tikayaka koma foni imodzi yokha ndiyo ikukana, vuto ndi foniyo kapena Wi-Fi.

Mukakayikira nthambo, nyamulani lamya mumvetsere. Kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto kumasonyeza kuti penapake pamene mawaya adalumikizidwa palowa madzi kapena dzimbiri, vuto lofala m'dzinja. Zulani lamya zonse, musiye modemu yokha pa soketi yoyamba. Ikagwira, cholakwika chili m'nyumba mwanu momwemo. Ikakanabe, itanani amisiri, ndipo muwauze zimene mwayesa kale kuti asakubwezereni koyambira.

Lamya ikangoti zii, nthambo yaduka kapena yabedwa. Kuba nthambo za mkuwa kudavutitsa kwambiri kampani ya MTL, imene idatenga ntchito za lamya pamene bungwe la mtengatenga ndi lamya lidagawidwa pawiri mu 2000. Wakuba amagulitsa mkuwawo pa sikelo kwa ogula zitsulo, dera lonse n'kukhala masiku ambiri lopanda lamya.

Adani ena awiri ndi mphenzi ndi kuzima kwa magetsi. Mphenzi imatha kuyenda m'nthambo ya lamya n'kuotcha modemu ngakhale mwazimitsa pakhoma, kotero kukayamba kugunda zulani mawaya onse awiri, wa magetsi ndi wa lamya. Magetsi a Escom akazima, lamya yachikale imagwirabe chifukwa imalandira mphamvu kuchokera ku ekisichenji, koma modemu imafuna batire lakelake.

Tsopano za mtengo. Chiwerengero chimene amalemba ndi zilembo zikuluzikulu kawirikawiri ndi cha intaneti yokha. Pambali pake pamakhala ndalama yolumikizira, mtengo wa modemu ndi lendi ya nthambo ya mwezi ndi mwezi, imene mumalipira ngakhale musaimbe lamya. Palinso misonkho, kuno kwathu boma lidaika msonkho wa 10 peresenti pa data mu 2015. Funsaninso za malire: Telkom ya ku South Africa itayamba ADSL mu 2002 inkapereka 3 GB yokha pamwezi, ndipo mpaka lero makampani ambiri amene amati intaneti yawo ilibe malire amachepetsa liwiro mukadutsa muyeso wina. Funso limene ambiri amaiwala ndi ili: nthambo ikabedwa n'kutha milungu iwiri, kodi bilu ichotsedwa?

Kunena zoona, DSL ikupita kokalowa. Makampani a lamya m'maiko ambiri, kuphatikizapo Telkom, akhala akusamutsa makasitomala awo kuchoka pa mkuwa kupita pa fibre ndi pa intaneti yopanda waya. Kuno mabanja ambiri a m'matauni ang'onoang'ono amadalira mabandulo a TNM ndi Airtel, ndipo Starlink idafika mu 2023. Ndiye mbale wanu akakubweretserani modemu ya ADSL kuchokera ku Joni, yang'anani kumbuyo kwake: ngati ili ndi kabowo ka waya wa lamya koma ilibe polowetsa simukhadi, siingakupatseni intaneti m'nyumba imene mulibe nthambo yamoyo.