Ripa ya Magoye Iyesedwe pa Lima Imodzi Poyamba

CILALA ca m'dzinja la 2023/24 cinapsereza cimanga pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene alimi a muno m'Zambia anabzala, kotero kuti pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Njala imeneyo inadzutsanso nkhani ya malimidwe osunga cinyezi m'nthaka, makamaka ya cipangizo cokokedwa ndi ng'ombe cimene alimi acicha ripa.

Ripa si yacilendo ai. Inakonzedwa pa malo ofufuzira za malimidwe a ku Magoye, kufupi ndi Mazabuka, m'zaka za m'ma 1980. Bungwe la Conservation Farming Unit, limene linayamba nchito mu 1996, linaifalitsa pamodzi ndi ulimi wa maenje umene ku Cigawo ca Kum'mawa udziwika ndi dzina lakuti Gamphani.

Mlimi amamasula khasu lotembenuza dothi pa pulawo yake, namangapo dzino lacitsulo. Dzino limeneli ling'amba kamzere kopapatiza, kozama masentimita 15 kufikira 20, ndipo mizere italikirana masentimita 90. Pakati pa mizereyo nthaka siikhudzidwa, ndipo mapesi atsala pamwamba monga cofunda. Manyowa, fataleza ndi mbeu zonse zilowa m'kamzere momwemo. Alimi a cimanga a ku America amacita zofanana ndi izi ndi mathirakita akuluakulu, koma nzeru yake ndi imodzimodzi.

Pulawo ikamadutsa caka ndi caka pa kuya kumodzimodzi, pansi pake pamaumbika nthaka yolimba ngati njerwa. Madzi alephera kulowa, ndipo mizu ya cimanga ipindikira cam'mbali, kotero kuti dzuwa la masabata awiri lokha lifotetsa munda wonse. Ripa iswa nthaka yolimbayo. Koma phindu lake loposa liri pa nthawi. Pulawo iyembekeza mvula kuti ifewetse dothi, pamene ng'ombe ziri zoonda ndi njala ya m'cilimwe, ndipo banja lobwereka ng'ombe limalima potsiriza, mwina Krisimasi ili pafupi. Ripa igwira nchito m'nthaka youma, makamaka atangokolola, dothi lisanaume gwa ndi ng'ombe zikali ndi mphamvu. Mvula yobzalira ikagwa, mlimi angotenga mbeu.

Ngakhale ziri tero, banja lisafulumire kuyika munda wonse pa njira imene silinaione ndi maso. Nkhokwe ya caka cathunthu si yoseweretsa. Cofunika ndi kupatula malima awiri oyandikana, a dothi lofanana. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndipo ilowa mizere ya ripa 55. Lima ina ilimidwe ndi pulawo monga mwa masiku onse. Mbeu ikhale ya mtundu umodzi, fataleza wa muyeso umodzi, osakondera mbali ya ripa cifukwa cakuti ndiyo yatsopano. Lima iliyonse ibzalidwe tsiku limene yakonzeka, pakuti kusiyana kwa masiku kumeneko ndiko kukuyesedwa. Mwana wa sukulu alembe m'kope tsiku lobzala, masiku amene ng'ombe zagwira, masiku opalira ndi ndalama zonse zotuluka. Pokolola cimanga ca malima awiriwo cisasakanizidwe mpaka citatongoledwa ndi kuwerengedwa m'matumba.

Masiku opalirawo alembedwe mosabisa, cifukwa bvuto la ripa ligona pamenepo. Pulawo imakwirira udzu, ripa siitero. Munda wong'ambidwa umera udzu msanga, ndipo banja lopanda ndalama zogulira mankhwala opha udzu lidzapalira kambiri kuposa kale. Kawirikawiri khasulo ligwera amai ndi ana, pamene abambo ayamikira kuti ng'ombe zapumula. Ndiye cifukwa cake amai ayenera kukhalapo pogamula za caka camawa. Udzu umenewu, pamodzi ndi kusowa kwa ng'ombe, ndizo zina mwa zifukwa zimene alimi ang'onoang'ono ambiri sanaitsatire njirayi, ngakhale yaphunzitsidwa zaka zambiri.

Caka coyamba dzino lingakane kulowa bwino, ndipo ng'ombe zingafunike kubwereza kawiri mu mzere umodzi. Dzinolo limatha msanga m'nthaka youma, motero ndi bwino kudziwiratu kogula lina. Dzinja limodzi silikwanira kugamula mlandu, pakuti m'caka ca mvula yabwino malima awiriwo angafanane. Mizere ikhale pamalo pomwepo caka cotsatira, ndipo cimanga cisinthane ndi nshawa kapena soya. Alangizi a malimidwe a Boma angathandize kuchera ripa kuti ilowe pa kuya koyenera.

Cotsala ndi mapesi. Ng'ombe zotayirira m'cilimwe ziwadya, ndipo anyamata osaka mbewa awatentha, munda nutsala wosabvala. Limeneli banja limodzi silingalithe palokha. Liyenera kufika kwa anyakwawa cimanga cikali m'munda, kuti mudzi upangane za kodyetsera ng'ombe ndi za cilango ca woyatsa moto.