Bomba likaphulika, chala chimaloza ndani?

M'mawa wa pa 19 Epulo 1995, bomba lidaphulika pa nyumba ya maofesi a boma mumzinda wa Oklahoma City ku America. Anthu 168 adafa, kuphatikizapo ana 19. Fumbi lisanakhazikike n'komwe, nyuzipepala ndi mawailesi akanema ena adayamba kale kulengeza kuti chiwembucho chidafanana ndi zochita za zigawenga za ku Middle East. Mzika ina ya America yochokera ku Jordan, yomwe idali paulendo, idagwidwa pabwalo la ndege ku London n'kubwezedwa. Patangopita masiku awiri, zidadziwika kuti mwini chiwembucho adali Timothy McVeigh, mzungu wobadwira ku America komweko, yemwe adakhalapo msilikali. Sadali Msilamu.

Zangati zomwezi zidachitikanso ku Norway pa 22 Julayi 2011, pomwe anthu 77 adaphedwa. M'mawa mwake nyuzipepala ya The Sun ya ku Britain idatchula gulu la al-Qaeda patsamba loyamba. Koma wakuphayo adali Anders Breivik, mbadwa ya dzikolo, yemwe adachita izi chifukwa chodana ndi kubwera kwa Asilamu ku Ulaya.

Kodi chimachititsa n'chiyani kuti chala chizifulumira kuloza mbali imodzi? Kafukufuku wa Erin Kearns ndi anzake, yemwe adasindikizidwa mu 2019, adaunika ziwembu 136 zomwe zidachitika ku America kuyambira 2006 mpaka 2015. Adapeza kuti chiwembu chochitidwa ndi Msilamu chinkalembedwa kanayi ndi theka kuposa chochitidwa ndi munthu wina. Wowerenga akamangomva mbali imodzi tsiku ndi tsiku, amayamba kukhulupirira kuti inayo kulibe.

Makanema nawo adathira mchere wawo. M'buku lake la mu 2001 lotchedwa Reel Bad Arabs, Jack Shaheen adaunika makanema oposa 900 ndipo adaona kuti ambiri amaonetsa Mluya ngati munthu wankhanza kapena wachinyengo. Oonera ambiri sasiyanitsa Mluya ndi Msilamu, chonsecho dziko lomwe lili ndi Asilamu ochuluka kwambiri ndi Indonesia, komwe eni ake si Aluya. Makanema otere ndi omwe achinyamata akhala akuonera m'timaholo ta vidiyo pamisika ya kuno kwathu.

N'zoona kuti alipo magulu omwe amapha anthu m'dzina la Chisilamu. Al-Qaeda idapha anthu oposa 200 ku Nairobi ndi Dar es Salaam mu 1998, ndi ena pafupifupi 3,000 ku America pa 11 Seputembala 2001. Ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, zigawenga zidayamba kuukira mu Okutobala 2017. Komatu ambiri mwa omwe adawotcheredwa nyumba ndi kusiya minda kumeneko ndi Asilamu, alimi ndi asodzi wamba. Apa mwambi woti nsomba ikawola imodzi ndiye kuti zonse zawola ukhoza kusocheretsa.

Kukayikira kochokera kutali kudasokonezapo mtendere ku Malawi. Mu Juni 2003, amuna asanu ochokera kunja adamangidwa ku Blantyre powaganizira kuti adali paubale ndi al-Qaeda, ndipo adatulutsidwa m'dzikolo ngakhale khoti lidaletsa. Ku Mangochi kudabuka zipolowe ndipo matchalitchi ena adaonongedwa. Amunawo pambuyo pake adamasulidwa ku Sudan popanda mlandu, koma mabala adatsalira anthu omwe amatunga madzi pamjigo umodzi.

Malinga ndi kalembera wa 2018, anthu pafupifupi 14 mwa 100 alionse ku Malawi ndi Asilamu. M'makalabu a alimi, m'mabanki a m'mudzi ndi m'makomiti a sukulu, Mkhristu ndi Msilamu amasungitsana ndalama ndi kubwerekana makasu. Chikhulupiriro chimenechi chikatha, ngongole ya feteleza sibwezedwa ndipo njerwa za sukulu siziumbidwa.

Choncho mlangizi kapena wapampando wa kalabu akamva nkhani ya chiwembu pawailesi kapena pafoni, ndi bwino kuyamba wafunsa kuti wainena ndani, umboni wake ndi wotani, ndiponso ngati chipembedzo chikadatchulidwa wolakwayo akadakhala wa mpingo wina. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ku Oklahoma City kudangofunika kudikira masiku awiri okha.