Kodi Anali Kuyendetsa Ndani?

LUNDAZI. Mbiri ya ngozi ya pamseu imafika pa Boma la Lundazi msanga koposa galimoto yonyamula ovulala. Ngozi ikacitika ca ku Lumezi pa mseu waukulu wocokera ku Chipata, kapena pa njira ya ku Chama, kapena ca kwa Mwase, anthu a mumsika amakhala atamva kale dzuwa lisanapendeke. Funso loyamba limakhala la cifundo: amwalira ndani, ndipo ndi a mudzi wa yani? Funso laciwiri limatsatira pomwepo, ndipo ndilo limakhalitsa pakamwa pa anthu masabata ambiri maliro ataikidwa kale: kodi anali kuyendetsa ndani?

Lundazi si mzinda ngati Lusaka kumene munthu angasowe pakati pa khamu. Oyendetsa mabasi, oyendetsa malole a thonje ndi a fodya, a ma Canter amene amanyamula anthu pamwamba pa matumba a nshawa, ndiponso anyamata a njinga zamoto, onsewa ndi odziwika maina ndi kwao komwe. Motero dzina silivuta kulipeza. Likapezeka, mafunso ena amabadwa. Ndi mwana wa yani? Anakwatira kuti? Amamwa mowa kodi? Nanga nyumba ya malata ija anaimanga ndi ndalama zocokera kuti? Kale mbiri yotere inali kuyenda ndi miyendo ndi njinga, ndipo pofika kumidzi yakutali inali itazirala. Lero imayenda pa lamya za m'manja. Woyamba kufika pamalo a ngozi amajambula galimoto yogubuduzika, nambala yake, ndi nkhope ya woyendetsa ili ndi magazi pamphumi, ndipo zithunzizo zimafika kwa mkazi wake apolisi asanafike pamalopo.

Tisafulumire kudzudzula anthu athu, pakuti funso limeneli lili ndi mizu yake. Pakati pa Acewa, Atumbuka ndi Angoni a dera lino, imfa ya munthu ndi nkhani ya mabanja. Munthu akafa ndi dzanja la mnzake, kaya mwadala kaya mwangozi, banja la womwalirayo liyenera kudziwa khomo limene kukacokere mau. Acibale a woyendetsa amatuma munthu wamkulu, kawirikawiri malume, kuti apite kwa mfumu ya mudzi wa maliro, ndipo mfumuyo ndiyo imatsegula njira. Amanyamula ufa, mbuzi kapena nkhuku, ndi ndalama zothandizira bokosi. Mwini ngoziyo sapita nao masiku oyamba, mitima ikali kutentha. Amadikira mpaka akulu atanena kuti tsopano abwere. Akulu amati mlandu suola, ndipo banja limene silinaone nkhope ya munthu wodzapepesa limasunga cakukhosi kwa zaka zambiri. Amai amene mwana wao wapondedwa ndi lole akafunsa kuti anali kuyendetsa ndani, palibe munthu wanzeru angawauze kuti imeneyo si nkhani yao.

Komatu pa anthu zana amene amafunsa funso limenelo, ofedwa ndi owerengeka. Enawo ndife, owerenga, amene sitinataye mbale, ndipo sitidzanyamula ngakhale nsengwa ya ufa kupita kumaliroko.

Dziko lonse linaona mcitidwe umenewu pa ngozi ya ku Chibombo, m'Cigawo ca Pakati. M'mawa wa Lacinai, pa 7 February 2013, basi ya Post Bus yocokera ku Ndola kupita ku Lusaka inagundana maso ndi maso ndi lole yaikulu pa mseu wa Great North. Anthu oposa 50 anamwalira, ndipo Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, malemu Michael Sata, analengeza masiku atatu a maliro a dziko lonse. Apolisi ananena kuti ngoziyo inayamba ndi galimoto ina yaing'ono imene inafuna kupitirira, ndipo woyendetsa wake, amene anapulumuka, anagwidwa naimbidwa milandu yopha anthu poyendetsa moopsa. Manyuzipepa analemba dzina lake, zaka zake, nchito yake ndi kumene anali kukhala. Kucokera apo nkhani ya munthu mmodziyo inakhala ndiwo za pakamwa m'mabasi ndi m'mabawa, ngakhale kuno ku Lundazi, makilomita mazana ambiri kucokera ku Chibombo. Dzinalo ife sitilichula pano. Linali ndi malo ake m'bwalo la milandu, ndipo kulibwereza patapita zaka zonsezi sikungaonjezere kanthu pa zimene owerenga ayenera kudziwa.

Cimene cinayenera kukhalitsa pakamwa ndi mseu womwewo, wopapatiza, umene mabasi ndi malole a ku migodi anali kupatukirana pafupi kukhudzana, ndipo wofuna kupitirira mnzake anali kulowa m'njira ya obwera kutsogolo. Nchito yokuza mseu wa Lusaka ndi Ndola kuti ukhale wa njira zinai inakhazikitsidwa mu 2017, inaima, nikhazikitsidwanso mu 2024, patapita zaka 11 kucokera tsiku la ngoziyo.

Nanga malamulo akuti bwanji? Sabisa woyendetsa ai. Lamulo la za pamseu, Road Traffic Act nambala 11 ya 2002, m'gawo 161, linaika mlandu wopha munthu poyendetsa galimoto mosasamala kapena moopsa, ndipo monga linalembedwera caka cimeneco cilango cake ndi faindi, kapena ndende kwa zaka zosapitirira zisanu, kapena zonse ziwiri. Woimbidwa mlandu wotere ku Lundazi amayamba waonekera pamaso pa majisitireti, kenaka mlandu umatumizidwa ku Khoti Lalikulu limene limakhala ku Chipata. Zitseko za khoti zimakhala zotsegula. Aliyense angalowe, akhale pa benci, amve dzina la woimbidwa mlandu, liwiro limene anali kuthamanga, ngati anali ndi laisensi yoyenera galimotoyo, ngati anali ataledzera, ndi zimene anapeza oyesa mabuleki ndi matayala. Zonsezi ndi za anthu onse, cifukwa mseu ndi wa anthu onse.

Koma malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 18, akunenanso kuti munthu aliyense woimbidwa mlandu ayesedwe wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa kapena iye mwini atavomera. Mumsika mulibe gawo 18. M'menemo mlandu umazengedwa ndi kugamulidwa tsiku lomwelo, mboni zake ndi anthu amene anamva kwa ena amene anamvanso kwa ena. Ndipo umboni wa mumsika sukhudza liwiro kapena mabuleki. Umakhudza mkazi wake woyamba amene anamsiya, matenda amene amati amatengera mankhwala kucipatala, mpingo umene amapemphera, ndi mtundu wake. Zina mwa zimenezi, monga za umoyo wa munthu, lamulo la 2021 loteteza mbiri ya anthu, Data Protection Act, linaziika m'gulu la zinthu zofunika kusungidwa mosamala kwambiri. Namwino kapena kalaliki amene amaulula zimene zalembedwa pa khadi la woyendetsa wogonekedwa m'cipatala amaphwanya cinsinsi ca wodwala, ngakhale wodwalayo akhale wolondedwa ndi apolisi.

Pali cina coipa koposa cimene cimamera pa ngozi iliyonse yopha anthu ambiri. Amayamba kunong'onezana kuti ngoziyo si ngozi wamba, kuti mwini galimoto kapena woyendetsa anakhwima, napereka anthuwo kuti cuma cake cikule. Mau otere ndi osavuta kuwatulutsa, koma palibe madzi angawasambitse. Lamulo la za ufiti, Witchcraft Act, limene linayamba mu 1914 ndipo lili m'buku la malamulo pa Cap 90, limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Ambiri salidziwa, ndipo ena olidziwa salisamala. Ana a munthu wonenedwayo ndiwo amasenza dzinalo kusukulu.

Ena adzati zonsezi ndi kumvera cisoni wopha anthu, kuiwala ophedwa. Tiyeni tione tsono cimene cimacitika pamseu penipeni. Lamulo limafuna kuti woyendetsa amene wacita ngozi aime, ndipo akanene kupolisi mwamsanga. Koma woyendetsa aliyense wa m'dera lino amadziwa kuti khamu likasonkhana ndi miyala ndi zibonga, silifunsa ngati mwana anathamangira yekha pamseu kapena ngati ng'ombe zinadutsa mwadzidzidzi. Cifukwa cake ambiri saima. Ena amathamangira kupolisi kukadzipereka, ena amalowa m'chire, ndipo kuno kumene malire a Malawi ali pafupi, pa Lusuntha, wothawa sasowa kolowera. Taganizani tsono za wovulala amene wasiyidwa m'mbali mwa mseu. Mseu wa Chipata ndi Lundazi ndi wa makilomita pafupifupi 180, ndipo pakati pake zipatala zokhoza kuthandiza munthu wothyoka mafupa kapena wotaya magazi ambiri ndi zocepa. Nthawi zambiri galimoto imene ikanamfikitsa msanga ku Lumezi kapena pa Boma ndi yomweyo imene yamgunda. Mantha a woyendetsa amalipiridwa ndi magazi a wovulalayo.

Ndiponso dzina limene limafalikira silikhala loona nthawi zonse. Pa citseko ca lole pamalembedwa dzina la mwini wake, amene mwina anali kunyumba kwake ali m'tulo. Mwina woyendetsa weniweni anatopa napatsa kondakitala ciwongolero. Mwina anthu awiri ndi a mfunda umodzi, pakuti a Phiri, a Banda, a Nyirenda ndi a Zimba ndi osawerengeka m'dera lino. Apolisi amatha masiku akufufuza zimenezi. Lamya ya m'manja sidikira.

Ngakhale m'maiko a Azungu nthenda imeneyi iliko. Pamene Princess Diana anamwalira pa ngozi ku Paris pa 31 August 1997, woyendetsa wake anafera pomwepo, ndipo moyo wake wonse unafukulidwa m'manyuzipepa kwa zaka zambiri. Cimene cinali cofunika ndi cimodzi, cakuti m'magazi ake munapezeka mowa wopitirira muyeso wololedwa. Mu 2008 bwalo lofufuza za imfayo ku London linagamula kuti kulakwa kunali kwa woyendetsayo pamodzi ndi ojambula zithunzi amene anali kuthamangitsa galimotoyo. Kumeneko cidwi ca anthu cinali nao pa liwiro lomwelo.

M'zaka za 2021 ndi 2022 apolisi a dziko lino anawerenga anthu oposa 2,000 omwalira pa miseu caka ciliconse. Ciwerengero cotere sicingabwere cifukwa ca oyendetsa oipa mtima okha. Kuli mafunso amene tikanawafunsa ndi khama limene timafunsira za mkazi wa woyendetsa, eni magalimoto akanagona tulo tocepa. Kodi munthuyu anali atayendetsa maola angati osapuma? Kodi mwini basi amafuna ndalama zingati patsiku, kotero kuti woyendetsa amathamangitsana ndi anzake kulimbirana okwera? Kodi galimotoyo inayesedwa liti ndi a RTSA, ndipo ndani anailola kupita pa cipata ca apolisi itasenza anthu pamwamba pa katundu? Boma linakhudzako funso la kutopa mu 2016, pamene linatulutsa lamulo la Statutory Instrument nambala 76 loletsa mabasi ndi malole kuyenda usiku kuyambira 21:00 koloko mpaka 05:00 koloko. Mafunso otere ndi olemera, ndipo amafika pa makomo a anthu amene timawavulira zipewa. Woyendetsa wolembedwa nchito ndi wopepuka kumunyamula pakamwa.

Atolankhani nafenso sitili oyera pa nkhaniyi. Ndi cizolowezi cabwino kudikira kuti apolisi auze acibale tisanaulutse maina a omwalira, ndipo wailesi za m'madera monga Chikaya kuno ku Lundazi ndi Breeze ku Chipata zimamvedwa m'midzi imene mwina mthenga wa maliro sanafike. Ulemu womwewo uyenera woyendetsa amene sanaimbidwe mlandu. Akaimbidwa, dzina lake lilembedwe pamodzi ndi mlandu wake, ndipo tsiku la cigamulo mtolankhani akhaleponso, pakuti timakonda kulemba za kugwidwa kwa munthu koma za kumasulidwa kwake timaiwala.

Pamene ife tikali kukambirana za woyendetsa, mai wamasiye amakhala ndi mafunso ena. Lamulo limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamseu kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ena ovulazidwa kapena ophedwa ndi galimotoyo. Kuti alandire kanthu kolerera ana, maiyo afunika lipoti la apolisi, nambala ya galimoto, dzina la mwini wake ndi la kampani ya inshuwalansi, cikalata ca imfa cocokera kucipatala, ndiponso kalata ya khoti yosonyeza amene wasankhidwa kuyang'anira cuma ca malemu. Ambiri a kumidzi sadziwa n'komwe kuti ndalama zotere ziliko. Amene wadziwa amadzuka m'mamawa ndi mlamu wake, nakwera galimoto ya mtundu womwewo umene unapha mwamuna wake, kupita pa Boma kukayamba kusonkhanitsa mapepalawo ofesi ndi ofesi.