AC ikulira, koma kodi ikuziziritsa?

M'chaka cha 2023, anthu 645 anamwalira chifukwa cha kutentha m'dera la Maricopa, komwe kuli mzinda wa Phoenix ku America. Ambiri mwa amene anafera m'nyumba AC anali nayo, koma inali yowonongeka kapena yosayatsa. Yowonongekayo nthawi zina imalira ndithu n'kumatulutsa mpweya, chonsecho sikuziziritsa. Choncho musadalire khutu.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Yatsani AC kwa mphindi 15, mawindo ali otseka. Ndi kachipangizo koyezera kutentha, yezani mpweya pamene ukulowera m'makinawo, kenako pamene ukutulukira. Wotulukawo uyenera kuzizira kuposa wolowa ndi madigiri 8 mpaka 11 a Celsius, kapena 15 mpaka 20 a Fahrenheit.

Kusiyanako kukachepa, yambani mwaona sefa. Fumbi likaitseka mpweya suyenda bwino, ndipo nthawi zina mapaipi amagwira ayisi. Itsukeni kapena isintheni pakatha mwezi umodzi mpaka itatu. Chotsaninso masamba ndi zinyalala pamakina akunja. Zikapanda kusintha, mwina gasi akudontha. Apo itanani katswiri, si zoti mudzipangire nokha.

Ngati mukuchita lendi, uzani eninyumba tsiku lomwelo, ndipo muchite kulemba. Ku Phoenix lamulo limati AC ya m'nyumba yalendi izitha kutsitsa kutentha kufika pa madigiri 82 a Fahrenheit.

Podikira okonza, okalamba, makanda ndi odwala mtima apite nawoni pamalo ozizira, monga ku laibulale. Wina akayamba kusokonezeka mutu kapena kukomoka, imbani 911 msanga, ndipo muzimuthira madzi ozizira mpaka ambulansi ifike.