Mtendere wa Mantha Pakati pa India ndi Pakistan

Maiko a India ndi Pakistan anabadwa mwezi umodzi, mu Ogasiti 1947, pamene Angerezi anagawa pawiri dziko limene ankalilamulira. Chaka chisanathe, awiriwa anali atayamba kale kulimbirana chigawo cha mapiri cha Kashmir. Anamenyananso mu 1965, kenaka mu 1971, pamene Pakistan inagonja kotheratu ndipo chigawo chake cha kum'mawa chinapatuka n'kukhala dziko la Bangladesh. Nkhondo za 1965 ndi 1971 zinali zazikulu, za akasinja ndi ndege, magulu a asilikali akudutsa malire masanasana.

Pa 18 Meyi 1974 India inaphulitsa bomba lake loyamba la nyukiliya pansi pa chipululu ku Pokhran. Mu Meyi 1998 inayesanso mabomba asanu pamalo omwewo, ndipo mwezi usanathe Pakistan inayankha pophulitsa ake m'mapiri a Chagai. Tsono funso limene akatswiri anali atakangana nalo kwa zaka zambiri linapeza poyesedwera. Mmodzi wa iwo, Kenneth Waltz wa ku America, analemba mu 1981 kuti kufala kwa zida zimenezi kungathe kuchepetsa nkhondo, pakuti mtsogoleri wodziwa kuti mizinda yake ingasanduke phulusa tsiku limodzi saputa mnzake dala. Koma Scott Sagan anatsutsa, ponena kuti zidazo zimasungidwa ndi anthu, ndipo anthu amalakwitsa, amapupuluma, nthawi zina samvera owalamula.

Yankho silinachedwe. Mu Febuluwale 1999 nduna yaikulu ya India, Atal Bihari Vajpayee, anakwera basi kupita ku Lahore kukagwirana chanza ndi mnzake Nawaz Sharif. Patapita miyezi itatu yokha, kunapezeka kuti asilikali a Pakistan anali atadutsa mzere wogawa Kashmir n'kukhazikika pamwamba pa mapiri a Kargil, moyang'ana msewu wochokera ku Srinagar kupita ku Leh. Akatswiri ambiri amati akuluakulu a nkhondo a ku Pakistan anawerengera kuti India sikanalimba mtima kukulitsa nkhondo, poopa bomba.

Pamenepa m'pamene pali phata la nkhani. Mu 1965, pamene anthu a zida analowa mu Kashmir mwa njira yofananayo, India inabwezera podutsa malire ena, asilikali ake n'kulunjika ku Lahore. Mu 1999 siinatero. Inamenya nkhondo yoopsa m'mapirimo, asilikali mazanamazana anafa mbali zonse ziwiri, koma oyendetsa ndege zake analamulidwa kuti asadutse mzerewo. Pa 4 Julayi Sharif anali ku Washington kwa Bill Clinton, kumene anavomera kuti anthu ake abwerere. Kotero bomba linachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: linaletsa nkhondo yaikulu, komanso linalimbitsa mtima woyambitsa nkhondo yaing'ono.

Zaka zotsatira zinaonetsa zomwezo. Mu Disembala 2001 zigawenga zinaukira nyumba ya malamulo ku New Delhi. Maiko awiriwa anaunjika asilikali m'malire kwa miyezi pafupifupi khumi, koma sanadumphe. Mu Novembala 2008 zigawenga zochokera ku Pakistan zinapha anthu oposa 160 mumzinda wa Mumbai, ndipo India inaugwira mtima. Koma kuleza kotere kuli ndi polekezera. Mu Febuluwale 2019, apolisi 40 ataphedwa ku Pulwama, ndege za India zinakaponya mabomba ku Balakot, m'kati mwenimweni mwa Pakistan, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire 1971. Mu Epulo 2025 anthu 26 anaphedwa ku Pahalgam, ndipo kuyambira pa 7 mpaka pa 10 Meyi maiko awiriwa anaponyerana mizinga, naphulitsirana mabwalo a ndege za nkhondo. Mkangano uliwonse ukukwera kuposa wapitawo, popeza mbali iliyonse yazolowera kuganiza kuti inzake idzaima isanafike pa phompho.

Choopsa china ndi kufupika kwa mtunda. Pa mkangano wa ku Cuba mu 1962, America ndi Soviet Union anali ndi masiku khumi ndi atatu oti aganize ndi kulemberana makalata. Koma Lahore ndi Amritsar n'ngotalikirana makilomita pafupifupi 50 okha, ndipo mzinga wochoka dziko lina umafika kwa linzake m'mphindi zowerengeka. Pa 9 Malichi 2022 mzinga wa India unathawa mwangozi pamene amisiri ankauyendera, n'kukagwa ku Mian Channu ku Pakistan. Mwamwayi unalibe bomba la nyukiliya ndipo sunaphe munthu. India inachotsa ntchito akuluakulu atatu a gulu la nkhondo la m'mlengalenga. Koma ngoziyo ikanachitika sabata ya nkhondo, ndani ku Islamabad akanakhulupirira kuti kunali kuphonya chabe?

N'zoona kuti mantha aphunzitsa adaniwa kusamala pang'ono. Mu 1988 anapangana kuti sadzaphulitsirana malo a nyukiliya, ndipo chiyambire 1992 amapatsana mndandanda wa malo amenewa pa 1 Januwale chaka chilichonse, ngakhale atakwiyitsana chotani. Nkhondo ya mu Meyi 2025 nayo inatha akuluakulu a asilikali a mbali ziwirizi atalankhulana pa lamya.

Komabe mgwirizano wotere ndi wotchinga moto, si wouzimitsa. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Amene anafuna bomba kuti liwateteze analandira chitetezocho, koma analandira pamodzi ndi mikangano yosatha imene palibe angaimalize ndi nkhondo, ndiponso imene atsogoleri saona chowakakamiza kuimaliza pokambirana. Mlandu wa Kashmir, umene unayamba mu 1947, udakali pomwepo. Anthu oposa 1.6 biliyoni a m'maiko awiriwa amagona ndi kudzuka modalira kuti pa mkangano uliwonse padzapezeka munthu wodekha woyankha lamya, ndi kuti mzinga wina sudzathawanso pa tsiku loipa.