Anzathu amasankha gulu, ife timadikira dzina

Mnyamata wa ku America akafuna usilikali amayamba ndi funso lomwe kuno lingaseketse anthu: ndilowe gulu liti? Magulu alipo asanu ndi limodzi, Army, Navy, Air Force, Marine Corps, Coast Guard ndi Space Force lomwe linabadwa mu 2019. Chiyambire 1973 dzikolo silikakamiza munthu kuvala yunifolomu, ndiye boma ndi lomwe limachita kunyengerera. Olemba asilikali amayendera masukulu a sekondale, aliyense kutamanda gulu lake ngati anyamata oitanira minibasi pa depoti. Wofunayo amalemba mayeso otchedwa ASVAB, ndipo makhozedwe ake ndi amene amamutsegulira ntchito, kaya yokonza ndege, yachipatala kapena yonyamula mfuti kutsogolo. Wofuna kudziwika kuti ndi chamuna amapita kwa a Marine, kumene maphunziro oyamba ndi masabata 13, pomwe ku Army ndi 10. Ambiri chimawakopa ndi GI Bill, lamulo lomwe limalipirira msilikali fizi ya kukoleji.

Ku South Korea mwamuna safunsidwa ngati akufuna. Chomwe angayeze n'kutalika kwa nthawi yotumikira basi: miyezi 18 pamtunda, 20 pamadzi, 21 ku gulu la ndege.

Kwathu nkhani ndi ina. Chidziwitso cha Malawi Defence Force chikangotuluka, achinyamata a satifiketi ya MSCE amakhamukira kokayesedwa, kuthamanga mpaka malovu kuuma, kupimidwa ndi madokotala. Pamzere umenewo simungamve wina akufunsa za gulu. Pemphero ndi limodzi: bola dzina lituluke, ndikafike ku MAFCO ku Salima. Asilikali apamadzi alipo ku Monkey Bay, a ndege ali ku Zomba ndi ku Lilongwe, koma magulu amenewa ndi aang'ono. Ochuluka amathera ku Kamuzu Barracks, ku Cobbe kapena ku Moyale. Sindikuwanyoza ana athuwa ayi. Munthu amene wakhala zaka zinayi satifiketi ili m'sutikesi sasankha ndiwo.

Chikoka cha yunifolomu tinachitengera kutali. Agogo athu a Keyala, ndiko kuti King's African Rifles, anamenya nkhondo ya chiwaya, ndipo pa nkhondo yachiwiri ena anakafika mpaka ku Burma. Chipilala chowakumbukira chilipo ku Zomba. Koma chimene chinafalikira m'midzi ndi gule: malipenga kunyanja ndi beni kwa Ayao, nsapato zopukuta, kagubidwe ka perete, ng'oma. Gule anasunga kukongola kwa usilikali, manda a kutchire anawasiya konko.

Tsono pali malo amodzi pamene mwana wa ku Texas ndi wa ku Ntcheu amafanana. Ukalumbira, kusankha kwatha. Wa ku America uja amasaina kuti boma lili naye zaka zisanu ndi zitatu, kuphatikiza zomwe amakhala kunyumba koma angathe kuitanidwa. Pa nkhondo ya ku Iraq, ena nthawi yawo itakwana anauzidwa kuti sachoka. Mawu okoma a wolemba ntchito uja sanawathandize. Wathunso amapita komwe watumidwa: m'zaka za m'ma 1980 kunali kukalondera njanji ya ku Nacala nkhondo ya Renamo ili mkati, mu 2023 kunali kufukula mitembo m'matope a namondwe wa Freddy, ndipo kwa zaka zambiri kwakhala ku Congo.

Za ku Congozi n'zomwe zimandivuta kwambiri. M'makwalala mumamveka kuti wopita kumeneko wadya bwino, akabwera amanga nyumba ya malata. Ena amamangadi. Koma mu November 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pomenyana ndi zigawenga za ADF pafupi ndi mzinda wa Beni, dzina lofanana ndi gule wathu uja. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania yemwe anavulala. Chaka chotsatira bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ndipo anakailandira ku New York ndi mkazi wake. Mu January 2025 enanso atatu anatsikira kulichete pomenyana ndi zigawenga za M23.

Ndiye inu makolo amene mukugulitsa mbuzi kuti mwana apeze thiransipoti yokayesedwa, musamuletse, ntchitoyo ndi yolemekezeka. Koma asananyamuke mutengereni kwa msilikali wopuma wa m'mudzi mwanumo, akhale naye pakhonde madzulo amodzi, amufunse za ku Congo.